Mwana Wosalira pa Mzere wa Chipatala

Munthu ali yense amene anafikapo pa chipatala cha Boma m'mawa wa tsiku Lolemba, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene malungo afika pachimake, adziwa maonekedwe a mzere wa amai. Ena akhala pa benchi, ena pansi pa khonde, ena aima kunja ndi maambulera. Ali yense wabereka mwana kumbuyo, ndipo m'dzanja wagwira buku la kuchipatala lokutidwa ndi pepala la pulasitiki kuopa mvula. Lamulo la mzere alidziwa onse, pakuti ndi lomwe lija la ku chigayo, ku mjigo ndi ku banki: wofika poyamba ndiye athandizidwa poyamba. Ku chigayo lamuloli ndi lokoma, liletsa ndeu. Koma pa khomo la chipatala lamulo lomweli lataitsa ana ambiri, ndipo nkhani ya m'mene madotolo ndi anamwino a ku Blantyre analisinthira iyenera kudziwika kwa onse ogwira nchito za Boma ndi kwa aphunzitsi a m'sukulu.

Bvuto lake liri apa. Pa mzere wotere mwana amene amveka ndiye wolira, ndipo mtima wa munthu uthamangira kwa iye. Komatu mwana wolira mokweza ali ndi mpweya m'chifuwa ndi mphamvu m'thupi. Kawiri-kawiri angathe kudikira ora limodzi kapena awiri. Amene ali pa ngozi ndi uja wangoti zii kumsana kwa amake, wofundidwa chitenje kufikira kumutu, amene amake ayesa kuti wagona chifukwa cha kutopa ndi ulendo. Nthawi zina si tulo ai. Ndi kukomoka kwa malungo a mu ubongo, kapena shuga watha m'magazi, kapena chibayo chamlefula kotero kuti alibenso mphamvu ya kulira. Mai waulemu, wolangizidwa kwao kuti munthu sadumpha anzake, akhala phee pa malo ake kufikira ataitanidwa. Anamwino akale a m'zipatala zazikulu akumbukira bwino masiku amene mai ankafika pa tebulo la dotolo, namasula mbereko, napeza kuti mwana anatsirizika kale ali pa mzere.

Za ku Gulupu

Chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene anthu a mumzindamo amangochitcha Gulupu, chinatsegulidwa m'chaka cha 1958, ndipo ndicho chachikulu kopambana zonse m'dziko lino. Kufikira chaka cha 2000, ana odwala mwakayakaya anali kulandiridwa pa malo amodzi-modzi ndi ana odzabayitsa katemera. Ogwira nchito pamenepo anali owerengeka, sanaphunzitsidwe mwapadera za kupulumutsa mwana amene ali pafupi kufa, ndipo madotolo aakulu a matenda a ana anali kutangwanika m'mawodi, kutali ndi khomo lolowera. Chotsatira chake chinali chakuti ana ena osayenera kugonekedwa anali kugonekedwa, nadzaza mabedi, pamene ena oyenera kuthandizidwa nthawi yomweyo anali kufika ku wodi mochedwa. Mwa ana 100 ali onse ogonekedwa, 10 kufikira 18 anali kumwalira, ndipo mwa imfa zimenezi zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu zinali kuchitika maora 24 oyamba asanathe. Imfa ya tsiku loyamba iri ndi tanthauzo kwa dotolo: isonyeza kuti mwanayo anafika mochedwa, kapena kuti atafika sanaonedwe msanga.

Amene anatsogolera nchito yosintha zimenezi ndi Professor Elizabeth Molyneux, dotolo wa ana wochokera ku Britain. Iwo anafika koyamba m'dziko lino m'chaka cha 1974. Patapita zaka khumi anabwerera kwao, nagwira nchito pa malo olandirira ana odwala mwadzidzidzi mu mzinda wa Liverpool, ndipo mu 1995 anabweranso ku Blantyre kudzatsogolera maphunziro a matenda a ana. M'zaka zomwezo bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linali kufuna-funa njira yapafupi yoti namwino, ngakhale alibe makina ali onse, azitha kuzindikira msanga mwana amene sangathe kudikira. Njirayo inayesedwa ku Recife m'dziko la Brazil ndiponso ku Blantyre, ndipo idziwika ndi dzina lachidule lakuti ETAT. WHO inasindikiza mabuku ake ophunzitsira mu 2005. Phata lake ndi chimene madotolo amachitcha triage, mau a Chifalansa otanthauza kusankha, monga amai asankhira nyemba pa lichero. Nzeruyi si yatsopano ai. Dominique Jean Larrey, dotolo wamkulu wa asilikali a Napoleon zaka zoposa 200 zapitazo, ankalamula kuti obvulala pa nkhondo azithandizidwa monga mwa kukula kwa mabala ao, osayang'ana kuti uyu ndi kazembe, uyo ndi msilikali wamba.

Mu January 2001 malo olandirira ana ku Gulupu anatsegulidwanso atakonzedwa. Nyumba inasinthidwa kuti mwana ali yense adzere pamaso pa namwino asanakakhale pa benchi. Panaikidwa chipinda chotsitsimutsira, chokhala ndi mpweya wa okosijeni ndi mankhwala ofunika msanga. Ogwira nchito onse anaphunzitsidwa. Ndipo a pa khomo ndi a m'mawodi anayamba kugwirizana ngati anthu a nyumba imodzi. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2006 m'magazini ya WHO. Imfa za ana ogonekedwa zinatsika kufika pa 6 kapena 8 mwa 100, ndipo mwa imfa 100 ziri zonse, zochitika maora 24 oyamba zinatsika kuchoka pa 36 kufika pa 13. Malungo sanathe m'zaka zimenezo, chibayo sichinathe, ndipo edzi inali itafika poipa, pakuti mankhwala ake anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za Boma mu 2004. Panalibe mankhwala achilendo amene anatulukira. Chimene chinasintha ndi chakuti mwana wofunika kuonedwa poyamba anayamba kuonedwadi poyamba, ndi munthu wodziwa chochita. Ku Lilongwe, pa chipatala cha Kamuzu Central, atakonza khomo la ana mwa njira yofanana, lipoti la 2012 linaonetsa kuti imfa za masiku awiri oyamba zinatsika kuchoka pa 48 kufika pa 38 mwa ana 1,000 ogonekedwa.

Zimene namwino ayang'ana

Kusankhaku sikutenga nthawi. Namwino wozolowera atha mwana mmodzi m'masekondi 15 kapena 20, ndipo zida zake ndi maso, makutu ndi zala. Choyamba apempha mai kuti amtsitse mwana ndi kumbvundukula, pakuti chitenje chibisa zonse. Kenaka atsata ndondomeko imene ophunzira aikumbukira ndi zilembo zinai zoyamba za Chingerezi. A ndiyo njira ya mpweya: kodi pakhosi patseka, kodi mwana watsamwa? B ndiko kupuma: kodi ali kupuma konse, kodi ali kubanika, kodi lilime ndi nkhama zada? C igwira zinthu zitatu. Chimodzi ndi kuyenda kwa magazi: namwino agwira dzanja la mwana, ndipo likakhala lozizira akanikiza chikhadabo kufikira chitayera, nachileka, kufiira kukapanda kubwerera masekondi atatu asanathe, mtsempha nukhala ukugunda mofulumira koma mofooka, ndiye kuti magazi sali kufika bwino m'ziwalo. Zina ziwirizo ndi kukomoka ndi linjirinjiri. D ndiko kutha kwa madzi m'thupi mwa mwana wotsegula m'mimba: maso olowa, kulefuka, ndi khungu la pamimba limene likatsinidwa lichedwa kubwerera.

Mwana wopezeka ndi chimodzi cha zizindikiro izi sayamba walembedwa dzina ai. Anyamulidwa nthawi yomweyo kunka ku chipinda chotsitsimutsira, kumene ampatsa okosijeni, amuyesa shuga ndi kadontho ka magazi a pa chala, namletsa linjirinjiri ndi diazepam kapena paraldehyde. Gulu lachiwiri ndilo la ana amene sali pafupi kufa tsopano lino, koma angathe kutero akasiyidwa kufikira masana: khanda losakwana miyezi iwiri, mwana wotentha thupi kwambiri, wa zikhatho zoyera mbee chifukwa cha kuchepa magazi, wotupa mapazi onse awiri, woonda kwambiri ndi njala, wopsa ndi moto kapena ndi phala, womwa parafini kapena mankhwala a makoswe, ndi wobwera ndi kalata yochokera ku chipatala chaching'ono. Amenewa apititsidwa kutsogolo kwa mzere. Otsalawo, amene ali ochuluka kopambana, adikira monga mwa nthawi imene anafikira. Ndipo popeza mwana wa gulu lachitatu angathe kusintha ali pa benchi pomwepo, namwino ayenera kumayendera mzere, kusuzumira m'mbereko.

Pano pali mau ofunika kwa akulu a m'maofesi. Mzere wosankhidwa motere suyang'ana tayi, suyang'ana galimoto imene munthu watsika, ndiponso sudziwa kuti wina ali ndi msonkhano nthawi ya 9 koloko. Bambo wolemekezeka akaona mai wa kumudzi amene wafika pambuyo pake ali kulowetsedwa patsogolo, asayese kuti namwino wamnyoza kapena kuti pali chinyengo. Ndipo amene agwiritsa nchito udindo wake kuti mwana wake wa chimfine aonedwe msanga adziwe kuti mphindi zimene watengazo wazilanda kwa mwana wina, amene mwina sadzakhala ndi mwai wakuti zibwezedwe.

Wophunzira pa khomo

Kodi nzeru zoterezi ziphunziridwa kuti? Kale dziko lino linalibe sukulu ya madotolo. Dr Daniel Malekebu anakaphunzira ku Meharry ku America natsiriza mu 1917, Dr Hastings Kamuzu Banda anatsiriza pa sukulu yomweyo mu 1937, ndipo ngakhale ufulu utabwera mu 1964 achinyamata anali kutumizidwabe kunja, kumene ambiri anakhaliratu. Sukulu ya College of Medicine inatsegulidwa ku Blantyre mu 1991 monga nthambi ya University of Malawi, mwa khama la anthu monga Professor John Chiphangwi. Ophunzira ake oyamba anali atayamba maphunziro ku Britain ndi ku Australia, nabwera kudzatsirizira kuno. Mu 2021 sukuluyi inaphatikizidwa ndi ya anamwino ya Kamuzu College of Nursing, ndipo ziwirizi tsopano ndizo Kamuzu University of Health Sciences.

Chifukwa chachikulu chophunzitsira madotolo m'dziko momwe muno chioneka bwino pa khomo la Gulupu. Wophunzira wa ku London angathe kutsiriza maphunziro ake onse asanaonepo mwana wokomoka ndi malungo. Wa ku Blantyre angathe kuona angapo m'sabata imodzi ya February. Ndipotu muyeso umene madotolo a maiko ambiri agwiritsa nchito poyesa kukomoka kwa mwana wosadziwa kulankhula utchedwa ndi dzina la Blantyre, pakuti anaukonzera komweko Professor Malcolm Molyneux ndi Dr Terrie Taylor pamodzi ndi anzao, naulengeza mu 1989. Uyang'ana zinthu zitatu: ngati maso a mwana atsata chinthu choyenda, m'mene alirira, ndi m'mene achitira akamva kuwawa. Mwana wabwino-bwino apeza 5, ndipo wopeza 2 kapena kucheperapo ndiye wakomoka ndithu.

Maphunziro a udotolo atenga zaka zisanu, kuonjezera pa chaka chokonzekera chimene ambiri ayamba nacho. Zaka zoyamba ndi za mabuku ndi za kudziwa ziwalo za thupi. Zotsatirazo ndi za m'mawodi, ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mangochi. M'wodi wophunzira azolowera njira yaitali: kufunsa mbiri ya matenda kuyambira pachiyambi, kupima thupi lonse kuyambira kumutu kufikira kumapazi, kulemba maina a matenda onse amene angakhale, kutumiza magazi kukayesedwa, ndipo potsiriza kupereka mankhwala. Njira imeneyi ndi yabwino, ndipo ndiyo imbweretsera malikisi pa mayeso. Koma pa khomo la odwala mwadzidzidzi ayenera kuitembenuza. Kumeneko munthu athandiza asanadziwe dzina la matenda: mwana wobanika apatsidwa okosijeni nthawi yomweyo, ndipo funso lakuti ndi chibayo, kapena mphumu, kapena mtima, lidza pambuyo. Nthawi zina ophunzira opambana m'kalasi ndiwo abvutika ndi kutembenuza kumeneku, pakuti mtima wao ufuna kudziwa chifukwa asanagwire kanthu.

Chotero ayamba ndi zidole za mphira. Pa chidole aphunzira kukweza chibwano kuti njira ya mpweya itseguke, kupopa mpweya ndi thumba, kubaya singano yaikulu m'fupa la msongolo pamene mitsempha yasowa, ndi kuitana anzao mokweza kuti wina agwire ichi wina icho. Mphunzitsi asimba nkhani ya mwana wongopeka, nasintha zizindikiro nchito iri m'kati, kuti aone ngati wophunzira abwerera ku A ndi B kapena wasokonezeka. Pa chidole munthu aloledwa kulakwa ndi kubwereza. Pambuyo pake aima pa khomo leni-leni, pambali pa namwino, ndipo wophunzira wanzeru azindikira msanga kuti mai amene wakhala pa khomopo zaka khumi, chinkana alibe digiri ya udotolo, aona pomwepo chimene iye achifuna-funa kwa mphindi zisanu.

Odwala ena amadandaula kuti pa chipatala chophunzitsira aonedwa ndi ana a sukulu. Dandaulo limeneli ndi lomveka, ndipo yankho lake si kuchotsa ophunzira ai, koma kuonetsetsa kuti wophunzira anena poyera kuti ndi wophunzira, apempha chilolezo, ndipo pafupi naye pali wamkulu womuyang'anira, usana ndi usiku womwe. Pakuti mnyamata kapena mtsikana yemweyo, atatsiriza mayeso ndi miyezi 18 yogwira nchito moyang'aniridwa imene Medical Council of Malawi ifuna, angathe kutumizidwa ku Nsanje, ku Chitipa kapena ku Ntchisi, kumene usiku wina dotolo pa chipatala chonse adzakhala iye yekha. Chimene sanachiphunzire ku Gulupu ali ndi womgwira dzanja, adzachiphunzira kumeneko pa mwana wa munthu. Tsono kusaiwalike kuti m'zipatala za m'maboma ndi zazing'ono za m'midzi odwala ambiri sakumana ndi dotolo konse. Aonedwa ndi ma clinical officer, ma medical assistant ndi anamwino, ndipo njira ya ETAT inakonzedwera iwowa poyamba.

Pali phunziro lina limene wophunzira ayenera kulitenga, ndilo lakuti ngakhale zolembedwa m'buku zingathe kugwa. Kwa zaka zambiri madotolo anali kuphunzitsidwa, monga achitira ku Ulaya ndi ku America, kuti mwana wotentha thupi amene magazi ake sali kuyenda bwino apatsidwe madzi ambiri a m'diripi mofulumira. Zinali zomveka, ndipo okaika anali ochepa. Koma kafukufuku wotchedwa FEAST, wotsogoleredwa ndi Professor Kathryn Maitland m'zipatala za ku Uganda, Kenya ndi Tanzania, anayesa nzeruyi pa ana oposa 3,100, ndipo anaimitsidwa mu 2011 nthawi yake isanakwane. Mwa ana opatsidwa madzi mofulumira, pafupi-fupi 11 mwa 100 anamwalira m'maora 48. Mwa amene sanapatsidwe motero, anamwalira 7. Mu 2016 WHO inasintha malangizo a ETAT, kuti madzi otere aziperekedwa mosamala, ndiponso kwa mwana yekhayo amene ali ndi zizindikiro zonse zitatu za kusayenda kwa magazi. Izi sizikhudza mwana amene watha madzi ndi kutsegula m'mimba kapena kolera. Ameneyo afunabe madzi msanga. Koma zisonyeza kuti clinical officer amene anaphunzira mu 2008, ndipo sanabwererenso m'kalasi, angathe kumachitabe mokhulupirika zimene zinasinthidwa kale. Ndalama za maphunziro obwereza, zimene okonza bajeti amaziona ngati zoyamba kudulidwa, nchito yake ndi imeneyi.

Anthu akulu-akulu anadikira zaka zina khumi. Malo olandirira akulu odwala mwadzidzidzi ndi obvulala ku Gulupu anatsegulidwa mu 2011 ndi chithandizo cha bungwe la Wellcome Trust, ndipo mwa amene anawatsogolera muli Dr Mulinda Nyirenda, mmodzi wa Amalawi oyamba kutenga udotolo wa mtundu umenewu monga nchito yao yapadera. Udotolo umenewu ndi wa masiku omwe ano m'Afirika monse: dziko la South Africa linaubvomereza monga nthambi payokha mu 2003, chipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam chinatsegula malo ake mu 2010, ndipo mu 2019 msonkhano waukulu wa WHO ku Geneva unapempha maiko onse kuti chithandizo chachangu chikhale mbali ya dongosolo lao la umoyo. Pa khomo la akulu pafika obvulala pa ngozi za minibasi ndi za njinga zamoto za kabaza, omwa tameki, odwala shuga ndi ofa ziwalo. Mu March 2023, pamene mvula ya namondwe wa Freddy inagumula phiri la Soche nikwirira nyumba za ku Chilobwe, obvulala anafika ochuluka koposa mabedi ndi manja amene analipo, ndipo kusankha kuja kunachitika monga pa bwalo la nkhondo m'masiku a Larrey.

Zimene zitsala

Kusankha bwino pa khomo sikuchiritsa pakokha. Namwino angathe kumzindikira mwana wobanika m'masekondi khumi, koma magetsi akazima makina otulutsa okosijeni aima. Angathe kuphunzitsidwa bwino chaka chino, koma chaka cha mawa kalata yochokera ku likulu imsamutsira ku wodi ina kapena ku boma lina, ndipo pa khomo paikidwa wina amene sanamvepo za A ndi B. Akulu olemba makalata osamutsa anthu angachite bwino kumafunsa kuti atsala pa khomo ndani. Ndiponso munthu woyamba kukumana ndi mai si namwino ai, koma mlonda wa pa chipata, kalaliki wolemba maina, kapena wokolopa pa khonde. Malangizo a ETAT afuna kuti iwonso aphunzitsidwe zizindikiro zazikulu, kuti mlonda akaona mwana wolefuka asanene kuti nthawi yotsegula siinakwane, koma amthamangitsire m'kati. Aphunzitsi a m'sukulu angathe kuchita mbali yao, pakuti ana amene ali m'makalasi mwao ndiwo alera ang'ono ao kunyumba. Mwana wosatha kuyamwa kapena kumwa, wosanza chiri chonse, wogwa linjirinjiri, wosadzuka pomgwedeza, kapena wopuma mobanika sayembekezera kuti kuche, ndipo kholo lofika naye pa chipatala linene mokweza pa chipata pomwepo, lisanakakhale pa benchi.

Tsono pali nkhani ya magazi. Mwana wa zikhatho zoyera, amene malungo amtha magazi, sachira ndi okosijeni kapena diripi. Afuna botolo la magazi m'maora ochepa. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003, litenga gawo lalikulu la magazi ake kwa ophunzira a m'sukulu za sekondale ndi m'makoleji, opereka mwaufulu. Chotero nkhokwe yake itsika pamene sukulu zatsekera, ndipo tchuthi cha Khirisimasi chigwa pa nthawi imene mvula yayamba, udzudzu nuswana m'zithaphwi. Magazi asungika m'firiji kwa masabata asanu kapena asanu ndi limodzi okha, kotero kuti amene atengedwa pa sukulu kumapeto kwa November atha nchito kumayambiriro kwa January, mwezi umene mzere wa amai pa khomo la Gulupu uyamba kutalika.